Yambani ndi ndiwo, nsima ibwere pambuyo

Mayi, pa funso lanu lakuti muziyamba ndi ziti pakati pa zakudya zomanga thupi ndi zopatsa mphamvu mutachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, yankho langa ndi lakuti muziyamba ndi zomanga thupi, koma musasiyiretu zopatsa mphamvu. Madokotala ambiri amalangiza magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni (zomanga thupi za m'chakudya) patsiku, ndipo popeza dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, malo ochepa otsala m'chifu ayenera kupita kaye ku nsomba, nkhuku yofewa, mazira, nyemba zosenda kapena yogati. Mapuloteni akachepa, thupi limadya minofu yake, chilonda chimachedwa kupola, ndipo tsitsi limathothoka kwambiri.

Mchemwali wanga, amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu ya mtundu wa bypass (yolumikiza kachigawo kakang'ono ka chifu ndi matumbo mwachindunji), ankati akayamba ndi nsima kapena buledi amakhuta atangodya mbamu ziwiri, ndiwo n'kutsala m'mbale. Choopsa kwambiri chinali tiyi wothira shuga wambiri, chifukwa pasanathe mphindi 30 ankatuluka thukuta, mtima ukugunda mofulumira, kenaka n'kutsegula m'mimba. Shuga amakhala atathamangira m'matumbo nthawi imodzi. Koma atayesa kusiyiratu zopatsa mphamvu anafooka ndi kudzimbidwa, mpaka anabwezeretsa phala la mgaiwa pang'ono, mbatata ndi zipatso. Anthu amene amati zakudya zimenezi ndi mdani amakokomeza.

Kuchuluka kokuyenererani akuuzeni ndi katswiri wa kadyedwe, makamaka ngati muli ndi matenda a impso kapena a shuga. Mukamasanza kawirikawiri, kuchita dzanzi m'miyendo kapena chizungulire, pitani kwa dokotala wanu tsiku lomwelo, chifukwa kuchepa kwa vitamini B1 kumatha kuwononga mitsempha.