Za apprenticeship ku Manchester: ndalama za boma sizibwera m'manja mwanu

Pafupifupi mwezi uliwonse, tikatuluka m'tchalitchi, pamapezeka wobwera kumene wondikokera pambali ndi funso lomwelomweli: "Anti, akuti boma la kuno limapereka ndalama kwa ofuna kuphunzira ntchito. Fomu yake imatengedwa kuti?" Ndakhala mu Manchester zaka zoposa 15, zambiri mwa izo ndikusamalira okalamba, ndipo funsoli limandikhudza chifukwa nanenso ndinataya nthawi yaitali kufunafuna fomu imene kulibe.

Ndalamazo zilipodi, koma sizilowa mu akaunti yanu. Ku England apprenticeship ndi ntchito yeniyeni: mumalembedwa, mumasaina kontirakiti, mumalandira malipiro, ndipo gawo lina la maola anu a ntchito limapatulidwa kuti muziphunzira. Kuyambira mu Epulo 2017, olemba ntchito onse amene malipiro a antchito awo onse pamodzi amapitirira £3 miliyoni pachaka amadulidwa msonkho wa 0.5 peresenti, mofanana ndi momwe makampani a kwathu amaperekera msonkho wa TEVETA. Ndalama zimenezi ndi zomwe zimalipira koleji kapena bungwe lokuphunzitsani. Makampani ang'onoang'ono boma limawalipirira pafupifupi mtengo wonse. Ndiye chimene mukufunafuna ndi bwana amene akulemba anthu ophunzira ntchito, chifukwa ndalamazo zimatsata bwanayo.

Ndipo simuyenera kulipira ngakhale kakobiri. Mwana wa mng'ono wanga anatumiza £300 kwa munthu wina wa pa WhatsApp amene anati amupezera malo. Zinali ndalama zake za lendi, ndipo nambala ija inazima tsiku lachitatu. Ndimamvabe kuwawa ndikakumbukira momwe analirira m'khitchini mwanga. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti akulembetseni ndi wakuba, ngakhale atakhala wakumudzi kwanu.

Tsopano nkhani ya mapepala, yomwe imagwetsa ambiri ulesi. Muyenera kukhala ndi zaka 16 kapena kuposerapo ndiponso chilolezo chogwira ntchito. Kwa ife obadwira kunja pali lamulo lina: muyenera kukhala mutakhala m'dziko muno movomerezeka zaka 3 tsiku loyamba maphunziro lisanafike, ndipo zaka zimene munakhala chifukwa cha sukulu basi siziwerengedwa. Viza yanu iyeneranso kufika mpaka kumapeto kwa maphunzirowo. Othawa kwawo amene anapatsidwa kale chilolezo sadikira zaka zitatuzo. Malamulowa amakonzedwanso chaka ndi chaka mu Ogasiti, choncho funsani koleji ikuuzeni za chaka chimenecho. Safunsa anadya phula.

Pali china chimene chimaopseza anthu pachabe. Maviza athu ambiri amanena kuti sitiloledwa kulandira thandizo la boma. Mawu amenewo amanena za zinthu monga Universal Credit ndi nyumba za khonsolo. Ndalama zophunzitsira ntchito sizili m'gulu limenelo. Ndikudziwa amayi ena amene anakana mwayi kuntchito kwawo poopa kuti viza iwonongeka, pamene palibe chimene chikanachitika.

Mukafika kumene, zaka zitatu zimaoneka ngati zosatha. Musangokhala. Sungani umboni wa tsiku limene munalowa ndi malo onse amene mwakhalako: mapepala a malipiro, makalata a khonsolo, kontirakiti ya nyumba. Satifiketi ya MSCE kapena ya TEVETA itumizeni ku UK ENIC, bungwe limene limayerekeza maphunziro akunja ndi akuno. Pamenepo pokha pali kandalama kolipira, ndipo nkovomerezeka. Lembetsaninso Functional Skills, maphunziro a Chingerezi ndi masamu ofunika pa ntchito, pa koleji yapafupi. Kuyambira mu Febuluwale 2025 boma silikakamizanso ophunzira ntchito a zaka 19 kupita m'tsogolo kukhoza mayeso amenewa, koma mabwana ambiri amawafunabe, makamaka m'zipatala.

Nthawi ikakwana, malo oyamba kuyang'ana ndi tsamba la boma la GOV.UK, pagawo lotchedwa Find an apprenticeship. Mumatsegula akaunti kwaulere, kulemba postcode yanu ndi mtunda umene mungathe kuyenda. Ntchito za m'zipatala zili pa NHS Jobs, za makhonsolo a Greater Manchester zili pa greater.jobs. Ngati mulibe kompyuta, ku Central Library pa St Peter's Square amalola kugwiritsa ntchito zawo kwaulere. Mu Febuluwale muli sabata ya National Apprenticeship Week, pamene mabwana amabwera okha m'makoleji kudzakumana ndi anthu. Amene muli ku Glasgow kapena Edinburgh, dongosolo la Scotland ndi lina. Yang'anani pa apprenticeships.scot.

Polemba kalata yofunsira, siyani ulemu wathu uja wodzichepetsa mpaka kubisa zimene mumadziwa. Ngati munakonzapo galimoto ku Ndirande kapena kusunga mabuku a banki mkhonde, nenani, ndipo fotokozani chimene munachita ndi manja anu. Kuno wosadzinenera amaoneka ngati sadziwa kanthu.

Malipiro ndiwo ofunika kuwerengera mofatsa. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a wophunzira ntchito anafika pa £7.55 pa ola, pamene a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo anali £12.21. Mtengo wotsikawo umakhudza osakwana zaka 19 ndi aliyense amene ali m'chaka chake choyamba. Kwa bambo wolipira lendi ku Longsight, wotumizanso fizi ku Mzimba, malipiro otsikawo sakwana, ndipo sindingakunamizeni. Mabwana ena amalipira kuposa apo, choncho onani malipiro musanafunsire.

Kwa akuluakulu, njira imene ndimaikonda ndi ya pantchito pomwe muli kale. Apprenticeship ilibe malire a zaka, ndipo bwana wanu angakulembetseni muli wantchito wake. Ine ndinachita Level 3 ya Lead Adult Care Worker ndili ndi zaka 44, malipiro anga osatsika. Ndinangofunsa manijala ngati kampani imalipira msonkho wa 0.5 peresenti uja, ndipo zinapezeka kuti ndalama zinali kungokhala osazigwiritsa ntchito. Amene viza yanu ndi yomangidwa kwa bwana mmodzi, iyi ndiyo njira yoti muifunse, chifukwa simusintha ntchito.

Ndipo makolo, musamakalipire mwana akati akufuna apprenticeship m'malo mwa yunivesite. Pali za Level 6 zimene mwana amamaliza ndi digiri yeniyeni, alibe ngongole ya fizi, akulandiranso malipiro. Malo ake ndi ochepa ndipo amalimbiranidwa kwambiri, makampani akuluakulu amayamba kulengeza cha mu Okutobala za chaka chotsatira, choncho mwana wa Year 13, chaka chomaliza asanapite ku yunivesite, ayambe kufunsira sukulu ikangotsegulira.