Ya 60W ndi yabwino, koma solda musagule yachabe

Achimwene, mwati mukufuna kuyamba kusewera ndi Arduino (timabolodi ta kakompyuta toyendetsera zipangizo), ma LED ndi kukonza timawailesi, ndalama ndi zochepa, ndipo m'shopu mwaonamo ma soldering iron awiri, zitsulo zija zowotcherera mawaya: ina ya 30W yongolumikiza kumagetsi basi, ina ya 60W yokhala ndi kagudumu kosinthira kutentha. Tengani ya kagudumuyo. Koma musathere ndalama yonse pamenepo, chifukwa ambiri amene amadandaula kuti anawagulitsa chitsulo chabodza, mukafufuza bwino mupeza kuti vuto ndi solda (waya wofewa wosungunula polumikiza) kapena nsonga ya chitsulocho.

Ma watt asakusokonezeni. Sakutanthauza kuti chitsulocho chitentha kufika pati, koma kuti moto ukachoka chiubwezeretsa msanga bwanji. Mukagunditsa nsonga pa waya wokhuthala kapena pamalo a bolodi pomwe pali mkuwa wambiri, mkuwawo umayamwa moto nthawi yomweyo. Ya 30W imazizira pomwepo, solda n'kungoti phwata osayenda. Ndiye munthu amayamba kukanikiza ndi kudikira, mpaka kamkuwa ka pa bolodi kasupuka. Ikangokhala pa choimikira osagwira ntchito, yomweyo imatentha mopyola muyeso chifukwa palibe choiletsa, nsonga n'kuda bii.

Manambala a pa kagudumu aja musawakhulupirire kwambiri. Pa zotchipa zambiri kagudumuko kamangochepetsa magetsi olowa, sikayeza moto weniweni wa kunsonga. Yambirani cha pa madigiri 320 kapena 350, muone ngati solda ikusungunuka mukangoigunditsa. Ikamachedwa onjezerani pang'ono. Ikamafuka kwambiri n'kumathetheka, nsonga n'kumasintha mtundu msanga, mwapitirira.

Musanapereke ndalama, werengani pa paketi kapena pa chogwirira kuti palembedwa 220V kapena 240V. Magetsi athu ndi 230V, ndipo zina zimene anthu amaitanitsa pa intaneti ndi za 110V zopangira ku America. Yoteroyo mukailumikiza kuno imalandira mphamvu yoposa kanayi imene inapangidwira, sichedwa kupsa. Muwapemphe a m'shopu ayiyatse muone ndi maso anu. Zambiri zimabwera ndi pulagi ya mano awiri pamene masoketi athu ndi a mano atatu. Zija zotsegula soketi ndi kamtengo zisiyeni, gulani adaputa kapena muikepo pulagi ina. Dziwaninso kuti kuika pulagi ya mano atatu pa chingwe cha mawaya awiri sikubweretsa earth, waya wachitatu uja wothawitsira pansi magetsi odontha. Mukakhala ndi multimeter (choyezera magetsi), muiike poti izilira timawaya take tiwiri tikagundana, ndipo chitsulo chili chosalumikiza, yezani pakati pa nsonga ndi dzino lalikulu la pulagi. Ikapanda kulira ndiye kuti nsonga ilibe earth, ndipo timagetsi todontha tikhoza kuwononga ma MOSFET (mtundu wina wa ma transistor) ndi ma chip ena osachedwa kufa. Njira yake ndi yophweka: itenthe bwinobwino, muzule pulagi, muwotcherere miyendo iwiri kapena itatu, mubwezeretse.

Tsopano nsonga, pomwe pagona nkhani. Ma 60W amenewa pafupifupi onse amagwiritsa ntchito nsonga za mtundu wa 900M, zimene anatengera ku Hakko 936 ya ku Japan, choncho zosinthira sizivuta kupeza. Imene imabwera itamangidwa kale nthawi zambiri ndi yosongoka ngati singano, ndipo ongoyamba kumene amaikonda poganiza kuti ndiyo yoyenera tinthu tating'ono. Imeneyo ndiyo yovutitsa, chifukwa kamalo kogunda n'kochepa kwambiri moti moto sudutsa. Funsani yaphwatalala yolembedwa 2.4D. Ndi imeneyo mungawotcherere ma resistor, ma header (timapini tolumikizira mawaya) a Arduino, mawaya a sipika, zonse. Poimanga onetsetsani kuti yalowa mpaka kumapeto ndipo siikugwedera, chifukwa mpata ukakhalapo pakati pa nsonga ndi chotenthetsera chake moto umathera m'njira.

Nsonga imeneyi mkati ndi mkuwa, kunja anaikuta ndi kachitsulo kopyapyala. Musaipale ndi fayilo kapena sandipepa. Mwina mwaonapo akatswiri a mawailesi kumsika akupala zawo, koma zawozo zimakhala za mkuwa wokhawokha zopanda chokutira. Yanuyi mukangoboola chokutiracho, solda imayamba kudya mkuwa wa mkati, pakapita nthawi pang'ono nsonga ili ndi dzenje. Tsiku loyamba ikulungeni ndi solda isanatenthe, kuti pamene ikutentha isambe solda yomweyo mpweya usanaidetse. Popukuta gwiritsani ntchito siponji yonyowa pang'ono, osati yodontha madzi, kapena waya wofewa wachikasu uja amagulitsa limodzi ndi zoimikira. Sitiluwulu yotsukira miphika imakanda. Pozimitsa musiye kadontho ka solda kunsongako, mudzapukuta mukadzayatsanso.

Solda yoyenera kuyambira ndi yolembedwa 60/40 kapena 63/37, yokhala ndi flux ya rosin mkati (utomoni wotsuka powotcherera kuti solda igwire), yonenepa 0.8mm. Manambalawo akunena kuchuluka kwa tini ndi mtovu. Ya 63/37 imasungunuka pa madigiri 183 ndipo imauma nthawi imodzi, n'chifukwa chake imakhululukira dzanja lonjenjemera. Yopanda mtovu inafala pamene lamulo la RoHS, lochepetsa mtovu m'zipangizo zamagetsi, linayamba kugwira ntchito m'mayiko a European Union mu 2006, ndipo imafuna madigiri 217 mpaka 227, komanso siyenda bwino pa chitsulo chotchipa. N'chifukwa chake kuchotsa kachipangizo pa bolodi la chaja kapena foni ya masiku ano kumavuta. Mukadonthezapo kaye solda yanu ya mtovu, ziwirizo zimasakanikirana n'kusungunuka mosavuta.

Chovuta n'chakuti pamsika pali solda yambiri yolembedwa 60/40 koma tini wake ndi wochepa zedi. Imaoneka yotuwa, ikasungunuka imakhala ngati phala lolimba, ikauma sinyezimira. Ngakhale mutakhala ndi chitsulo chodula chotani, ndi solda imeneyo simungachite kanthu. Gulani kaye kakoyilo kakang'ono mukayese, kapena mufunse okonza mafoni kuti iwo amagula iti, chifukwa iwowo sangalole solda yowachedwetsa ntchito. Flux yapadera ya kabotolo kapena kachitini imathandiza kwambiri pa mawaya akale, koma ikhale ya zamagetsi. Ija ya asidi yowotcherera mapaipi ndi zitini imene imapezeka m'ma hardware imagwira bwino tsiku loyamba, kenako n'kumadya mkuwa pang'onopang'ono mpaka waya kuduka wokha.

Powotcherera, solda isasungunukire pa chitsulo. Ikani nsonga igunde mwendo wa chipangizo ndi kamkuwa ka pa bolodi nthawi imodzi, mudikire kamphindi, kenako mubweretse solda mbali inayo kuti isungunuke ndi moto wa mwendowo. Ikayenda n'kuzungulira, chotsani solda, kenako chitsulo. Zonsezi zisapitirire masekondi atatu kapena anayi, ndipo musauzire kapena kugwedeza isanaume. Kunyamula dontho la solda pansonga n'kukalipaka pa waya n'kumene kumabweretsa zowotcherera zongokhala pamwamba ngati kampira, chifukwa flux imakhala itapsa kale dontho lisanafike. Mawaya awiri muyambe mwawapaka solda lililonse palokha, kenako muwagunditse n'kutenthetsa.

Popeza magetsi amazimazima, ndi bwino mudziwe kuti kuli zina zoyendera batire, monga TS100 ya Miniware ndi Pinecil ya Pine64. Izi chotenthetsera ndi choyezera moto zili mkati mwa nsonga momwemo, choncho zimatentha m'masekondi ochepa ndipo nambala imene zikuonetsa ndi yodalirika. TS100 imalandira 12V mpaka 24V. Nsonga yake ili ndi ma ohm pafupifupi 8, ndiye pa batire la sola la 12V mupeza ma watt 18 okha, okwanira tinthu ting'onoting'ono, pamene pa chaja ya laputopu ya 19V mupeza cha m'ma 45. Pinecil imathanso kuyendera USB-C. Mtengo wake ndi wokwererapo ndipo nthawi zambiri zimafunika kuitanitsa kunja kapena kutuma wina wochokera ku Johannesburg. Kwa ine imeneyo ndi yodzagula mukaona kuti ntchitoyi mwaikondadi, osati yoyambira.

Utsi umene umatuluka si wa mtovu ayi, mtovu suuluka pa moto wochepa chonchi. Ndi wa flux, ndipo kuupuma tsiku ndi tsiku kumatha kuyambitsa mphumu. Khalani pafupi ndi windo, mutu usakhale pamwamba pa utsiwo. Mtovu umalowa m'thupi kudzera m'manja, ndiye ife odya nsima ndi manja tisambe ndi sopo tikamaliza, ndipo chizolowezi chija chogwira solda ndi mano manja akatanganidwa chisayambike n'komwe. Choimikira ndi chofunika ngakhale chitakhala chopinda nokha ndi waya wokhuthala, makamaka ngati pakhomo pali ana. Chitsulo chikamagwa patebulo chilekeni chigwe, musachiwakhe.

Pophunzira pezani wailesi yakufa, muzichotsa tizipangizo n'kumatibwezeretsa mpaka dzanja lizolowere. Kapampu koyamwira solda kadzakuthandizani pamenepo ndipo sikodula. Ma TV akale a chimsana, ma inverter ndi ma power supply muyambe mwawasiya, chifukwa ma capacitor ake akuluakulu amasunga magetsi oposa 300V ngakhale mutazula pulagi. Mabatire a 18650 ochotsa m'malaputopu musawawotcherere mwachindunji ndi chitsulo ichi. Moto ukakhalitsa pamutu pake amawonongeka mkati ndipo akhoza kuyaka, ndiye gulani timabokosi take tokhala ndi masipuling'i, muwotcherere mawaya pa timabokosipo.