Ku Chingwe's Hole pa njinga mu Julayi

Achimwene, mwafunsa ngati mungakafike ku Chingwe's Hole, dzenje lakuya la pamwamba pa phiri la Zomba, pa njinga mu Julayi, kapena mungotsata njira zam'munsi. Mukadzuka, yambani mwayang'ana phiri la Zomba. Likakutidwa ndi nkhungu ndiye kuti chiperoni chafika, ndipo chimatha kukhala masiku angapo osachoka. Tsiku lotere kumtunda kwenikweniko musapiteko. Misewu ya dothi ya m'nkhalango imaterera, masamba a paini akanyowa amakhala ngati sopo, komanso ku Emperor's View, malo oonerapo kutali, mukangoona nkhungu yokhayokha. Zungulirani cha ku damu la Mulunguzi ndi ku mathithi a Williams Falls, malo oti zikavuta mumatsika msanga.

Kukacha bwino pitani ndithu, njirayo ine ndimaikonda kwambiri. Nyamukani cha m'ma 8, mubwerere isanakwane 3 koloko, poti nyengo imeneyi dzuwa sililowa mochedwa. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi potsika. Pokwera mumatuluka thukuta, malaya n'kunyowa, kenako mphepo yapotsika imakulowani mpaka m'mafupa. Tengani jekete yotchinga mphepo ndi magolovesi, chifukwa zala zikauma ndi chisanu mabuleki simuwagwira bwino. Chonde musapite nokha.