Mayi wa Mvano akufunsa: ndipite nawo ku Israel ndi ndalama zanga zopumira pa ntchito?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, mphunzitsi amene wangopuma kumene pa ntchito. Dzina anapempha kuti ndisatchule. Nkhani yawo ndi iyi: kutchalitchi kwawo alengeza za ulendo wa gulu wopita ku Israel, wa masiku 10, mtengo wake madola 3,000 ndi kanthu. Anzawo ena a Mvano alembetsa kale. Iwo ndalamazo atha kuzipeza atatapa pa zomwe alandira popuma, koma ana awo akuti kumeneko n'kumwaza ndalama. Ndiye akufunsa kuti, kodi malo amene amaonetsa anthu kumeneko ndi enieni aja a m'Baibulo? Akakafika ku mtsinje wa Jordan akabatizidwenso monga amaonera pa zithunzi za pa Facebook? Nanga ulendowo ndi woyeneradi ndalama zonsezo?

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Ulendo wotere ine ndinayendako ndi gulu la akhristu a mipingo yosiyanasiyana nkhondo ya ku Gaza ya 2023 isanayambe. Ndiyamba ndi funso la malo chifukwa ndilo lili ndi nkhani yaitali.

Jerusalem amene Yesu ankayendamo ali pansi pa nthaka. Aroma anaugumula mzindawo m'chaka cha 70, kachisi ndi zonse, kenako n'kumanga wina pamwamba pake, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amene walamulira wakhala akumanga pamwamba pa zomanga mnzake. Linga lokongola lozungulira mzinda wakale limene mudzalione linamangidwa ndi mfumu Suleiman ya ku Turkey cha m'ma 1540. Matchalitchi oyamba pamalo opatulikawa anayamba kumangidwa Helena, mayi ake a mfumu Constantine, atapitako cha m'ma 326, patadutsa zaka pafupifupi 300 chipachikidwireni Yesu. Choncho wokuperekezani akaloza n'kunena kuti apa ndi pamene Ambuye anagwa kachiwiri ndi mtanda, mudziwe kuti akunena mwambo wa mpingo, osati zimene wina anaona n'kulemba. Njira ya mtanda yotchedwa Via Dolorosa ndi malo ake 14 oimapo inakhazikika pang'onopang'ono patapita zaka mazanamazana, ndipo imadutsa pakati penipeni pa msika. Inu mukuimba nyimbo ya mtanda, wogulitsa zikwama akukuitanani, mnyamata wa ngolo ya buledi akufuula kuti mumupatse njira. Ena m'gulu lathu zinawakhumudwitsa. Ine sizinandivute, chifukwa tsiku limenelo nalonso mzinda unali wodzaza ndi anthu a Pasaka, aliyense ndi zake.

Pa manda m'pamene mutu umazungulira, chifukwa adzakuonetsani awiri.

Oyamba ali mkati mwa Tchalitchi cha Manda Oyera, chimene chinatsegulidwa koyamba m'chaka cha 335. M'katimo muli mdima, utsi wa lubani, nyali zolendewera ndi mzere wa anthu wautali zedi, woti mukafika kutsogolo mumangolowa m'kachipinda ka manda, kugwada, wansembe ali kale pakhomo kukukodolani kuti mutuluke. Mipingo 6 imagawana nyumba imeneyi: Akatolika, a Orthodox a ku Greece, a ku Armenia, a ku Syria, a Coptic a ku Egypt ndi a ku Ethiopia. Kiyi wa chitseko amasungidwa ndi banja la Asilamu la Joudeh, ndipo banja lina la Asilamu, la Nuseibeh, ndilo limatsegula ndi kutseka. Pamwamba pa khomo, pansi pa zenera, pali makwerero a matabwa amene akhala pomwepo kuyambira zaka za m'ma 1700 chifukwa palibe mpingo ungawasunthe ena onse asanavomere. Amene munakhalapo m'komiti ya tchalitchi sindikuganiza kuti mwadabwa. Mukadzafika, dzapempheni kuti akudutsitseni padenga, pamene amonke a ku Ethiopia amakhala m'tinyumba tating'ono. Magulu ambiri amapalambalala, chonsecho ndi Aafirika anzathu amene akhala akupemphera mu Jerusalem kuyambira kalekale, amishoni asanafike n'komwe kuno ku Blantyre mu 1876.

Manda achiwiri ndi a Garden Tomb, kunja kwa chipata cha Damascus. Kumeneko kuli maluwa, mabenchi, mthunzi ndi bata, ndipo ife amene tinakulira m'tchalitchi chopanda lubani mtima umakhala pansi. Magulu ambiri amadyera mgonero kumeneko. Malowa anatchuka cha m'ma 1883 chifukwa cha msilikali wa ku Britain, Charles Gordon, amene anaona thanthwe looneka ngati chigaza n'kukhulupirira kuti ndiye Golgotha. Lero m'munsi mwa thanthwelo muli depoti ya mabasi. Koma akatswiri ofukula zakale amati manda amenewo anagobedwa zaka 600 kapena 700 Yesu asanabadwe, pamene Yohane 19:41 akunena za manda atsopano amene anali asanaikidwemo munthu. Malo a tchalitchi chothithikana chija m'masiku a Yesu anali kunja kwa linga, ankaphwanyapo miyala, ndipo pali manda ena a nthawi yomweyo. Umboni umapendekera kumeneko. Konseko dzapiteniko, koma mudzadziwe kuti kokoma kupempherako si kumene kuli ndi umboni wambiri.

Alipo malo amene sakaikitsa kwenikweni, ndipo ndi amene ine ndinawakonda. Thamanda la Bethesda, lija la makonde asanu la pa Yohane 5, analifukula ndipo mumaliyang'ana lili pansi kwambiri, pafupi ndi tchalitchi cha Anna Woyera. M'tchalitchi chimenecho mawu amamveka mochititsa nthumanzi, moti gulu lililonse limaimbamo. Amayi a Mvano musadzatulukemo musanaimbe ya Chichewa. Thamanda la Siloam analipeza mu 2004 pokonza paipi ya zonyansa. Masitepe akumwera kwa kachisi, amene anthu ankakwera popita kukapembedza, ena mwa iwo ndi omwe aja a nthawi imeneyo. Ku Caesarea mu 1961 anapeza mwala wolembedwa dzina la Pilato, umene tsopano uli ku Israel Museum pamodzi ndi mpukutu wa Yesaya wopezeka ku Qumran mu 1947. Mitengo ya azitona ya ku Gethsemane ndi yokalambadi, koma ataiyeza mu 2012 anapeza kuti matsinde ake ndi a zaka za m'ma 1100. Phiri lake ndi lomwelo, mitengo si yomweyo.

Kwa ine mtima wa ulendo wonse ndi Galilee, chifukwa nyanja simungaimangire tchalitchi pamwamba. Ndi yaing'ono, makilomita pafupifupi 21 m'litali ndi 13 m'lifupi, moti munthu wozolowera kuima ku Mangochi kapena ku Salima amayamba wafunsa kaye kuti, ndi yomweyi? Tsidya lina mumaliona bwinobwino. Koma ili m'chigwa, mamita oposa 200 kutsika poyerekeza ndi nyanja yaikulu ya Mediterranean, ndipo mphepo ikatsetsereka m'mapiri imavundula madzi mwadzidzidzi. Mukakhala m'boti pakati pake nkhani ya namondwe ija imamveka mwina. Ku Ginosar kuli boti la asodzi la nthawi ya Yesu limene linapezeka m'matope mu 1986 madzi ataphwera, lotalika mamita 8 ndi pang'ono. Ku Capernaum mumayenda pakati pa maziko a nyumba za miyala yakuda, tizipinda topanikizana, ndipo mumamvetsa chifukwa chake anthu aja anasasula denga kuti atsitse wodwala manjenje: pakhomo panalibiretu polowera. Ku Magdala mu 2009 anafukula sunagoge wa nthawi imeneyo. Masana adzakupatsani nsomba imene amaitcha ya Petro, yokazinga yathunthu ndi mutu womwe. Ndi ya mtundu umodzi ndi chambo chathu, ndipo dzanja limayamba lokha kufunafuna nsima pomwe m'mbale muli tchipisi.

Tsopano za ubatizo. Malo ndi awiri kutsidya limene Israel amalamulira. Yardenit ili pamene mtsinje ukutuluka m'nyanja ya Galilee, inatsegulidwa mu 1981 kuti alendo azilowa m'madzi bwino, ili ndi zogwirira, mobvalira, mikanjo yoyera ya hayala ndi sitolo yaikulu potulukira. Zithunzi zambiri za pa Facebook ndi za kumeneko, koma si kumene Yohane ankabatizira. Malo amene mwambo wakale umaloza ndi Qasr al-Yahud, kufupi ndi Jericho, moyang'anizana ndi Al-Maghtas wa dziko la Jordan. Pamenepo mtsinje ndi wopapatiza, madzi ake a matope, pakati pake pali malire a mayiko, asilikali uku ndi uku. Namani paja anayamba waunyoza mtsinje womwewu kuti mitsinje ya kwawo ku Damascus ndi yabwino koposa.

Mukabatizidwenso? Mayi, inu ndinu a CCAP, ndipo mpingo wanu umaphunzitsa ubatizo umodzi, monga pa Aefeso 4:5. Akatolika nawonso sabwereza, amangobwereza malonjezo a ubatizo. Mipingo ina imalola. Kambiranani ndi abusa anu musananyamuke, kuti musakasankhe muli m'mphepete mwa madzi anzanu onse atavala zoyera. Maganizo anga ndi akuti ubatizo umene munalandira kumudzi kwanu sunaperewere kanthu. Kulowetsa mapazi m'madzi, kuwerenga Mateyu 3 ndi kupemphera n'kokwanira. Ndipo amene akukuuzani kuti pemphero la ku Jerusalem limafika msanga kumwamba, kapena kuti mukabwerako matenda ndi ngongole zidzatha, mumutsegulire Yohane 4:21, pamene Yesu akuuza mayi wa ku Samaria kuti ikudza nthawi imene sadzalambira Atate pa phiri ilo kapena mu Jerusalem. Timabotolo ta madzi a Jordan ndi ta mafuta mudzagule ngati chikumbutso. Zowagulitsa kwa odwala mukabwera kuno, ayi.

Pa ndalama ndiye ndikhala kumbali ya ana anu pang'ono. Mtengo uli m'madola, ndipo dola m'dziko muno mukudziwa mmene ikuvutira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankasonkha pang'onopang'ono m'makwacha anadzuka ndalama zake zitaperewera. Funsani kuti mukamalipira m'makwacha akuwerengera dola pa mtengo uti, nanga ikasintha wolipira kusiyanako ndani. Funsani zomwe zili mkati mwa mtengowo: tikiti yochokera ku Chileka kapena ku Lilongwe, kudutsira ku Addis Ababa kapena kwina, chakudya chamasana, ndalama zolowera m'malo, inshuwalansi ya chipatala, ndi kangachepe ka dalaivala ndi wokuperekezani, kamene kumeneko sikachita kufunsa. Zonsezi zilembedwe papepala, ndalama zidutse kubanki ndipo mulandire lisiti. Safunsa anadya phula. Ngati ulendowu ukufuna katapila, kapena kugulitsa puloti, kapena kudya ndalama zimene mudzagulire mankhwala a shuga zaka zikubwerazi, usiyeni. Chikhristu sichilamula munthu kupita ku Jerusalem.

Funso lalikulu koposa ndi lakuti ulendo ukalephereka ndalama zibwerera bwanji. Kuyambira pa 7 Okutobala 2023 makampani ambiri a ndege akhala akuimitsa ndi kuyambiranso maulendo a ku Tel Aviv, ndipo mu Juni 2025 Israel itamenyana ndi Iran bwalo la ndege linatsekedwa, alendo n'kusowa potulukira. Bethlehem, ngakhale ili makilomita 10 okha kuchokera ku Jerusalem, ili ku West Bank m'manja mwa Apalestina, ndipo mumadutsa pa chipata cha asilikali ndi khoma lalitali la simenti. Mu 2023 ndi 2024 mzindawo sunachite zikondwerero za Khirisimasi. Akhristu a kumeneko, amene amasema mitanda ndi tiziboliboli ta mtengo wa azitona, amadalira alendo ngati inu, choncho mukafuna kugula mphatso dzaguleni kwa iwo. Khomo la tchalitchi chobadwira Yesu ndi lalifupi, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20, aliyense amalowa chowerama, ndipo kutsikira kuphanga kuli masitepe oterera.

Konzekeraninso mafunso pabwalo la ndege la Ben Gurion. Kuyambira Januwale 2025 olowa popanda viza amayenera kulembetsa pa intaneti chilolezo cha ETA-IL asananyamuke. Komanso chiyambireni achinyamata athu kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel mu 2023, ena n'kuthawa m'mindamo mpaka kubwezedwa kuno mu 2024, pasipoti ya Malawi itha kuyang'anitsitsidwa. Dziwani dzina la hotela yanu, tsiku lobwerera ndi mtsogoleri wa gulu. Ngati pamndandanda wa gulu lanu pali anyamata amene simunawaonepo m'tchalitchi, funsani a komiti.

Ndiye mupite? Ngati ndalamazo mutazichotsa moyo wanu upitirira bwinobwino, ndipo mawondo akulolani, ine ndikuti pitani, koma mupite kukaona ndi kukamvetsa zimene mwakhala mukuphunzitsa ana ku Sande sukulu. Sankhani Malichi mpaka Meyi kapena Okutobala ndi Novembala, chifukwa pakati pa chaka ku Jericho ndi ku Nyanja Yakufa kumatentha koopsa. Yambiranitu kuyenda wapansi m'mawa uliwonse, zitunda za ku Chilomoni zikuthandizani, ndipo nsapato zikhale zozolowera kale phazi. Onaninso pulogalamu: ngati Galilee apatsa theka la tsiku koma masitolo alowamo katatu, pemphani asinthe. Mukailandira munditumizire pa imelo yomweyi tidzaione limodzi, ndipo ana anuwo muwapatsenso awerenge.