Filimu ya njinga yobedwa: yankho kwa mphunzitsi wa ku Ntcheu

Mphunzitsi wina wa ku Ntcheu wandilembera imelo. Anaonetsa ana a kalabu yake filimu ya Bicycle Thieves, koma isanafike pakati ambiri anali atatuluka, ati ndi yopanda mtundu, yopanda ndewu. Akufunsa kuti mufilimu yakale chonchi muli chiyani, ndipo aionetse bwanji.

Aphunzitsi, funso lanu landikhudza, chifukwa ngati pali filimu yomwe mwana wa ku Ntcheu angaimve msanga, ndi yomweyi. Vittorio De Sica, wopanga mafilimu wa ku Italy, anaitulutsa mu 1948, atajambula m'misewu ya ku Rome, zaka zitatu nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Bambo wina, Antonio, wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa malonda m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna njinga, ndipo yake ili pa pinyolo. Mkazi wake Maria ayalula nsalu za pabedi kukapinyolitsa kuti awombole njingayo. Tsiku loyamba lomwelo la ntchito, iye ali pa makwerero, njinga ibedwa. Kuyambira pamenepo ndi bambo ndi mwana wake Bruno basi, kuzungulira mzinda akufunafuna.

Ndiye tandiuzani, ndani pa Ntcheu boma, pa Lizulu kapena pa Tsangano sadziwa kuti njinga ya kabaza ikabedwa ndiye kuti moto wazima pakhomo? Anawo nkhaniyi akuidziwa kale. Chimene sanaphunzitsidwe ndi kuonera ndi maso. Mafilimu a m'nyumba za vidiyo anatizoloweretsa kuti womasulira azilankhula osapuma, kutiuza choti tiseke ndi choti tikwiye nacho. Sindikunyoza ntchito yawo, inatsegulira anthu ambiri mafilimu, koma De Sica anaika tanthauzo m'malo amene anthu sakulankhula.

Taonani pa pinyolo paja. Maria akapereka nsalu zake, kamera imatsatira wantchito akukwera mashelefu ataliatali odzaza mitolo ya nsalu za anthu ena, mpaka kudenga. Palibe amene akunena kuti umphawi wafika pakhomo lililonse, mashelefuwo ndiwo akunena. N'chifukwa chake dzina la filimuyi m'Chitaliyana likunena za akuba ambiri, osati mmodzi. Amene anaba njinga uja akapezeka, ndi mnyamata wosauka, wogona m'kanyumba kothina ndi amayi ake, ndipo anthu a m'dera lake amutchingira.

Ine ndikukana kwamtuwagalu zoti filimuyi phunziro lake ndi lakuti kuba n'koipa. Mukaiphunzitsa choncho mwaipha. Nkhani yake ndi manyazi a bambo pamaso pa mwana wake. Muzitsata Bruno, osati njinga. Bambo atatopa amumenya mbama, mwana apita payekha, kenaka kumveka mfuwu yakuti wina akumira mumtsinje, ndipo bambo athamanga mtima uli m'mwamba. Apeza kuti si iye. Kuti apepese, amutengera kumalo odyera omwe sangawakwanitse, kumene Bruno akungocheukira mwana wa anthu olemera pa tebulo lina. Bambo wa kuno amene anagulirapo mwana tchipisi ndi ndalama yotsiriza pofuna kupepesa osatchula mawu oti pepa, amva chimene chikuchitika pamenepa.

Kumapeto, pafupi ndi bwalo la mpira, Antonio mwiniwake aba njinga ya munthu wina. Gulu limugwira, limuwomba makofi, Bruno akuona. Mwini njingayo ayang'ana mwana uja akulira, n'kunena kuti amusiye. Tikudziwa tonse zimene zimachitika m'misika yathu munthu akakuwa kuti wakuba. Ndiye funso loti muwafunse anawo ndi ili: mukanakhala m'gulu lija, mutaona filimu yonse ndi kudziwa chimene chamufikitsa pamenepo, dzanja lanu likanatani? Nanga kwa mnyamata woyamba uja, amene nkhani yake simunaione?

Dziwaninso kuti amene anasewera Antonio, Lamberto Maggiorani, sanali katswiri wa zisudzo, anali wantchito wa m'fakitale. Kayendedwe kake kotopa si kophunzira. Anawo akamva zimenezi amayamba kumuona mosiyana.

Kaonetsedwe kake

Filimu yopanda mtundu imafuna mdima weniweni. M'kalasi la mawindo osatchinga masana, nkhope zimatuwa n'kusowa, ndiye tchingani ndi mabulangete kapena muonetse madzulo. Chithunzi chake ndi cha 4:3, ndiye kuti chosatambalala kwambiri, ngati cha ma TV akale. Mukachikoka kuti chidzaze TV yotambalala, anthu amaoneka onenepa ndipo nkhope zimapindika, choncho siyani mbali zakudazo. Ndi ya ola ndi theka, ndiye igaweni katatu: imani njinga ikabedwa, imaninso akachoka kumalo odyera, kenaka mumalize. Musanayambe afotokozereni za ulova wa ku Rome kwa mphindi ziwiri zokha, osaulula mathero. Mawu olembedwa m'munsi amathamanga, choncho mmodzi azimasulira m'Chichewa zokhazo zalankhulidwa, ndipo pamene anthu akhala chete nayenso akhale chete.

Ngati ola ndi theka n'lalitali kwa iwo, yambani ndi Borom Sarret ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya mu 1963, pafupifupi mphindi 20 zokha. Ndi ya woyendetsa ngolo ya hatchi ku Dakar amene wapolisi amulanda ngolo chifukwa cholowa nayo m'dera la anthu olemera. Muonetse imeneyo sabata yoyamba, ya njinga sabata yotsatira, ndipo ngati mungathe muitanepo bambo mmodzi wa kabaza adzaonere nawo n'kuyamba ndiye kulankhula.