Ndi lupus yadzuka kapena preeclampsia?

Mayi wina wa ku Area 25 wanditumizira imelo. Amadwala lupus (matenda amene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo), mimba yake ili pa masabata 27, ndipo ku sikelo apeza BP ya 150/95, mapuloteni mumkodzo, mapazi otupa. Funso lake: "Kodi magazi angaonetse ngati ndi lupus yanga kapena ndi preeclampsia?"

Mayi, funso lanuli limawazunguza mutu ngakhale madokotala. Lupus ikagwira impso, imabweretsa zizindikiro zomwezo zimene preeclampsia, matenda a BP yokwera a amayi oyembekezera, imabweretsa mimba ikadutsa masabata 20. Koma chithandizo chake nchosiyana. Ya lupus amaiziziritsa ndi mankhwala monga prednisolone ndi azathioprine, mimba nkumapitirira. Preeclampsia gwero lake ndi nsengwa, ndipo imatha mwana ndi nsengwayo zikatuluka. Madokotala akalakwitsa apa, mwana akhoza kuchotsedwa asanakhwime popanda chifukwa, kapena inuyo kuyamba kukomoka akudikira.

Magazi amathandizadi. Nsengwa yovutika imatulutsa puloteni yotchedwa sFlt-1 yochuluka, pamene ina yotchedwa PlGF, imene imasamalira mitsempha ya magazi, imatsika. Akayeza magazi, amagawa nambala ya yoyambayo ndi ya yachiwiriyo. Kafukufuku wa PROGNOSIS wa mu 2016 anapeza kuti yankho likakhala 38 kapena kutsika apo, pafupifupi amayi onse sanadwale preeclampsia m'sabata yotsatira. Chimene ndimakondera kuyeza kumeneku nchoti chikuyang'ana nsengwa, osati impso, ndiye lupus siyisokoneza kwambiri.

Mbali ya lupus ili ndi zakezake. Ikadzuka, mapuloteni a chitetezo cha m'thupi otchedwa C3 ndi C4 amatsika m'magazi, ina yotchedwa anti-dsDNA imakwera, ndipo mumkodzo mumapezeka tizidutswa ta magazi. Dziwani kuti lupus ndi preeclampsia zikhoza kubwerera limodzi, ndiye nambala imodzi isakupusitseni.

Kuyeza sFlt-1 si kwa pa sikelo wamba. Ine ndikanakhala inu, ndikanapempha kalata yopita ku Kamuzu Central, kumene kuli madokotala a amayi oyembekezera, nkufunsa zonsezi pamaso. Mankhwala a lupus a hydroxychloroquine musasiye, amene amati imavulaza mwana akunama. Aspirin wochepa mphamvu amayamba pa masabata 12 mpaka 16 kwa amayi ngati inu. Ngati simunapatsidwe, auzeni adokotala.

Mutu ukawawa kosaleka, maso akachita chidima, kapena kumtunda kwa mimba cha kumanja kukapweteka, musadikire tsiku la sikelo. Pezani galimoto usiku womwewo.