Mafunso a Owerenga: Bwanji echo Sakuonetsa Kanthu?

Funso: Ndangoyamba kuphunzira PHP. Ndalemba `echo "Moni";` koma ndikatsegula failoyo mu browser, pena tsamba likubwera lopanda kanthu, pena likuonetsa khodi yeniyeniyo. Nanga `echo` ndi `print` zimasiyana pati?

Yankho: Zikuoneka kuti mukuitsegula poidina kawiri. Browser siwerenga PHP ayi. Seva ndiyo imayendetsa khodiyo, browser n'kungolandira HTML imene yatulukapo. Dzina la failo lithere ndi `.php`, ndipo khodi iyambe ndi `<?php`. Kenako tsegulani terminal m'foda momwe muli failoyo, mulembe `php -S localhost:8000`. Kaseva aka kamabwera limodzi ndi PHP kuyambira pa 5.4. Mukatero, ngati dzina la failo yanu ndi `moni.php`, mu browser lembani `localhost:8000/moni.php`.

Za `print` musataye nazo nthawi. Imalandira chinthu chimodzi basi ndipo nthawi zonse imabweza 1, pomwe `echo` sabweza kanthu koma amalandira zingapo: `echo "Moni ", $dzina;`. Ingozolowerani `echo`.

Ambiri amapunthwa pa zizindikiro zotsekera mawu. `echo "Moni $dzina";` amaika zimene zili mu `$dzina`, pomwe `echo 'Moni $dzina';` amalemba `$dzina` mmene alilimo. Polumikiza mawu gwiritsani ntchito kadontho, osati `+`, chifukwa mu PHP `+` salumikiza mawu.

Funso: Ndikaika `\n` mawu sakutsikira pamzere wina, ndipo `echo $mndandanda;` akungolemba kuti "Array". Ndikulakwitsa chiyani?

Yankho: `\n` wagwira ntchito yake, mukayang'ana source ya tsambalo mupeza mzere utadukadi. Kungoti HTML imautenga ngati kampata wamba. Lembani `<br>`, kapena dutsitsani mawuwo mu `nl2br()`.

`echo` amasandutsa chilichonse kukhala mawu, ndiye array imangotuluka ngati "Array", pamodzi ndi chenjezo lakuti "Array to string conversion". Pofufuza vuto, ikani `print_r($mndandanda);` pakati pa `<pre>` ndi `</pre>` kuti ziwerengeke bwino. Ife timakonda `var_dump()`, chifukwa amanenanso mtundu wa chinthucho. Taonani: `echo true;` amalemba 1, koma `echo false;` salemba kalikonse, mpaka munthu kuganiza kuti khodi yafa. `var_dump(false);` amanena poyera kuti `bool(false)`.

Simunafunse izi, komabe n'zofunika kuposa zonsezi. Mawu ochokera kwa munthu wodzaza fomu musawaonetse osaphimba, chifukwa wina akhoza kulembamo `<script>` n'kuyendetsa khodi yake mu browser ya alendo anu. Lembani `echo htmlspecialchars($_POST['dzina'], ENT_QUOTES, 'UTF-8');`, pamenepo `<` asanduka `<` ndipo browser ingomuonetsa ngati chilembo.

Ndipo ngati mukufuna kuitana `header()` kapena `session_start()`, muiitane `echo` aliyense asanalembe kanthu. Ngakhale mzere wopanda kanthu pamwamba pa `<?php` ukhoza kukubweretserani uthenga wakuti "headers already sent".